Komiki ya abakha yolembedwa "Vol. 8, No. 4": ndi ya liti, nanga isungidwe bwanji?

Gologolo:
Akuluakulu, taonani zithunzi zitatu ndaikazi. Ndi Walt Disney's Comics and Stories, mtengo pachikuto ndi masenti 10. Pa timalemba ting'onoting'ono ta m'kati palembedwa Vol. 8, No. 4. Chikuto chili ndi mzere wopindika pakatikati kuchokera pamwamba mpaka pansi, mawaya awiri onse achita dzimbiri, ndipo pamsana wina anamatapo selotepi yomwe tsopano yafiira ngati tiyi. Ndi ya chaka chanji? Ndi yoyambirira kapena yosindikizidwanso? Nanga selotepiyo ichotsedwe?

Kadzidzi:
A Gologolo, selotepiyo musaikhudze kaye, a Nadzikambe abwera akuuzeni chifukwa chake. Za chaka n'zosavuta. Magaziniyi inkatuluka mwezi uliwonse kuyambira Okutobala 1940, ndipo voliyumu iliyonse inali ndi makope 12. Mavoliyumu 7 athunthu ndi makope 84, kuwonjezera 4, yakwana nambala 88. Voliyumu imayamba mu Okutobala, ndiye No. 4 ndi Januwale 1948. Masamu omwewa amagwira pa makope ena onse a nthawi imeneyo: Vol. 3, No. 7 ndi nambala 31 ya Epulo 1943, momwe munatuluka nkhani yoyamba ya masamba khumi ya Donald Duck yojambulidwa ndi Carl Barks.

Timalemba timeneto osonkhanitsa amatitcha indicia. Musanayang'ane china chilichonse pa komiki yakale, werengani pamenepo. Chikuto chimanamiza, chifukwa chithunzi chimodzi chinkagwiritsidwanso ntchito patapita zaka, koma indicia imanena dzina lenileni la magazini, nambala, mwezi, wofalitsa ndi kumene inasindikizidwa. Zambiri za kampani yofalitsa makomiki ya Dell zinkasindikizidwa ku Poughkeepsie, New York.

Komanso mwapeza yabwino. Nambala 88 ndi imene Gladstone Gander, msuweni wa Donald, anaonekera koyamba.

Fulu:
Eya, ndi nkhani ya kubetcherana ija. Donald anadzitama nthawi yotentha kuti adzasambira m'nyanja yozizira pa Khirisimasi, akalephera apereke nyumba, ndipo Gladstone wabwera kudzatenga nyumbayo. Amene amamupulumutsa ndi Daisy, pokumbutsa Gladstone kuti nayenso analonjeza kumwa magaloni awiri a chakumwa cha mandimu pa ola limodzi. Gladstone wa m'menemu sanakhale wamwayi uja ayi, ndi wodzitama chabe ngati Donald yemwe. Zamwayizo zinayamba mu 1949.

Gologolo:
Zikomo. Nanga ndingadziwe bwanji kuti masamba onse alimo?

Kadzidzi:
Werengani. Ya 1948 iyenera kukhala ndi masamba 52 kuphatikizapo chikuto. Komiki ndi mapepala aakulu opindidwa pakati n'kubowoledwa ndi mawaya awiri, ndiye pepala lililonse limapereka masamba 4. Masamba 52 ndi mapepala 13: chikuto chimodzi ndi 12 a m'kati. Tsegulani pakati penipeni pamene nsonga za mawaya zimaonekera, muwerenge mapepala kumanzere ndi kumanja. Akhale 12 uku, 12 uku, osawerengera chikuto. Mukapeza 11 mbali zonse ziwiri, pepala lapakati linathothoka. Limeneli ndi limene limasowa kawirikawiri, chifukwa mawaya amaligwira lokha mwachindunji ndipo mwana akamatsegula mwamphamvu mabowo amang'ambika. Mukapeza 12 uku, 11 uku, wina anang'amba tsamba limodzi, ndipo mnzake wa tsamba limenelo ali lende, angagwe nthawi iliyonse.

Oyambirira a 1940 anali ndi masamba 68. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, mapepala anayamba kuperekedwa mopimira, masamba n'kutsika kufika 60, kenako 52, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1950 anali 36. Mtengo unakhalabe masenti 10, chimene chinkachepa ndi bukulo.

Muonenso ngati sanadulemo fomu yolembetsera kuti munthu azilandira magaziniyi pa positi. Ana ankadula ndi lumo n'kutumiza, ndipo kuseri kwa fomuyo nthawi zina kumakhala chithunzi cha nkhani.

Birimankhwe:
Mukamawerenga mupezamo masamba a mawu okhaokha, nkhani yolembedwa ngati ya m'buku la kusukulu yokhala ndi kachithunzi kamodzi kapena tiwiri. Ena amayesa kuti ndi pepala lochokera kwina. Ndi la momwemo. Malamulo a positi ku America ankafuna kuti magazini ikhale ndi masamba a mawu kuti itumizidwe pa mtengo wotsika. Ana ambiri ankangowadumpha, n'chifukwa chake masamba amenewa amakhala oyera kuposa anzawo, opanda zala za mafuta.

Mzere wa pakati pa chikuto nawonso ndi wa ku positi. Olembetsa ankalandira kope lawo litapindidwa pawiri m'litali. Dzina lake ndi subscription crease, ndipo pa magazini imeneyi ndi chinthu wamba, popeza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 inkagulitsidwa makope oposa 3 miliyoni pamwezi, ena mwa iwo kudzera mwa olembetsa. Yang'anani kuseri, mwina pali dzina ndi keyala ya mwiniwake woyamba.

Gologolo:
Mzerewo ungawongoledwe ndi simbi?

Nadzikambe:
Ayi, achimwene, simbi isayandikire. Tayang'anani mzerewo pafupi. Ngati mkati mwake mukuoneka kachingwe koyera pamene utoto unasweka, palibe chimene chingabwezeretse. Kupsinja kumachotsa kutukumuka kwa pepala, koma utoto woswekawo wapita. Simbi imawonjezera mavuto awiri: kutentha kumafulumizitsa kufiira kwa pepala, ndipo guluu wa selotepi amasungunuka n'kulowerera mpaka tsamba lachiwiri. Ngati mukufuna kuti ligone bwino, liikeni pakati pa mapepala awiri oyera osalemba, pamwamba mabuku olemera, milungu iwiri. Basi.

Tsopano selotepi. Yakale ija guluu wake anali wa labala, ndipo amadutsa m'magawo atatu. Poyamba amamata bwinobwino. Kenako amafewa, kuchita nanda, n'kulowa m'pepala mpaka pepalalo limaoneka ngati lathiridwa mafuta ophikira. Pomaliza amauma, kufiira, ndipo kapulasitiki ka pamwamba kamagwa kokha. Ya pa chithunzi chachiwiri ili pa gawo lomaliza, taonani m'mphepete mwake mwayamba kale kutukuka. Kapulasitikiko kakamasuka kokha, lowetsani kampeni kopyapyala kosathwa pansi pake, mogoneka, n'kukanyamula pang'onopang'ono. Pamene kakukana, siyani. Mukakoka, kachoka ndi utoto wa chikuto. Banga lofiiralo silichoka ndi chilichonse cha m'nyumba. Palafini, sipiriti, petulo, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, zonsezi zimasungunula inki n'kusiya mzere wina wonyansa kuposa woyambawo.

Ndipo selotepi yatsopano isapitepo, ngakhale ija amalemba kuti ndi yosaoneka.

Njenjete:
Mayi Nadzikambe, nanga pong'ambika timate ndi chiyani? Anthu amafunsa zimenezi kawirikawiri, ndipo tikangoti "osamata" amapita kukagula guluu wa mipando.

Nadzikambe:
Osamalira mabuku amagwiritsa ntchito phala la sitachi ya tirigu ndi pepala lopyapyala la ku Japan. Ndikuti sitachi yoyeretsedwa, osati fulawa ya mandasi, komanso osati phala la chinangwa lomatira makaiti. Fulawa ili ndi zina zimene mphemvu zimakonda, ndipo imada ikakalamba.

Kaphikidwe: muyezo umodzi wa sitachi, miyezo 5 ya madzi oyera, makamaka osungunula aja a m'mabatire amene sanathiridwe asidi. Vundulani, musiye kwa theka la ola, kenako ikani pa moto wochepa mukutakasa osaleka kwa mphindi pafupifupi 20, mpaka lisiye kuyera ngati mkaka liyambe kuonekera mkati. Likazizira limalimba ngati nsima ya dzulo. Lisefeni pa kansalu, mutengeko pang'ono, muchepetse ndi madzi mpaka lifanane ndi phala la mwana wakhanda. M'firiji limakhala masiku ochepa okha. Likayamba kununkha kapena kutuluka madzi, tayani.

Pepala la ku Japan musadule ndi sizasi. Jambulani mzere ndi kaburashi konyowa n'kung'amba, kuti m'mphepete mukhale tiulusi. Tiulusi timeneti ndi timene timagwira, komanso sitisiya mpeni wa m'mphepete umene ungathyole pepala lakale. M'lifupi mamilimita 4 kapena 5 akwana. Pakani phala pa kachidutswako, osati pa komiki, dikirani kamphindi kuti madzi achepe, kaikeni pong'ambikapo kuseri kwa tsamba, pamwamba kansalu kosamata, kenako pepala lomwa madzi ndi cholemera. Sinthani pepala lomwa madzilo pakatha mphindi zingapo. Cholakwika chachikulu ndi kuchulutsa phala: pepala la komiki limamwa madzi ngati siponji, madziwo amakoka litsiro n'kusiya mzere wofiirira wozungulira, ndipo tsamba limachita makwinya. Yeserani pa nyuzipepala yakale kasanu musanakhudze komiki.

Ubwino wa phala limeneli ndi woti wina wodziwa kuposa inu akhoza kudzalichotsa ndi chinyezi pang'ono patapita zaka 50. Guluu wa mipando sachoka.

Kadzidzi:
Apa ndiwonjezerepo za msika. Chilichonse chimene mwamata, mwapaka kapena mwasintha chiyenera kunenedwa pogulitsa. Kampani ya CGC, imene inayamba kupima makomiki mu 2000 pa sikelo ya 0.5 mpaka 10, imaika chizindikiro chofiirira ngati bilinganya pa komiki yokonzedwa, ndipo ogula ambiri amachithawa. Mawayanso ndi momwemo. Ine ndimati mawaya oyambirira asiyidwe, ngakhale achite dzimbiri.

Nadzikambe:
Pamenepo sitigwirizana, a Kadzidzi. Dzimbiri silikhala pa waya pokha. Taonani chithunzi chachitatu: kuzungulira waya wam'munsi pali banga lofiira lalikulu ngati njere ya nyemba, ndipo pakati pake pepala layamba kunyenyeka. Chitsulo chikachita dzimbiri chimadya ulusi wa pepala, bowo limakula, ndipo tsiku lina chikuto chimangotsala m'manja. M'nyumba youma ya ku Arizona mukhoza kusiya. Kuno kumene Januwale ndi Febuluwale zovala zimachita nkhungu m'sutikesi, dzimbiri siliima. Pa kope ngati ili, lomwe lili kale ndi selotepi ndi mzere wa positi, mtengo wa msika watsika kale. Chotsalira n'kupulumutsa pepala. Wongolani miyendo ya waya pakati pa buku ndi kampeni, pansi pake mutaika kapulasitiki kolimba kuti musaboole tsamba, muukoke kuchokera kunja, musese fumbi la dzimbiri ndi kaburashi kofewa. Mawayawo muwasunge m'kaenvulopu padera. Mapepala akhoza kukhala osamanga m'thumba lake, kapena kusokedwa ndi ulusi wa linen kudzera m'mabowo omwewo. Osaboola atsopano, ndipo osamenya ndi sitepula ya mu ofesi.

Kadzidzi:
Pa kope ili ndavomera. Koma likanakhala Four Color 178 ya Disembala 1947, momwe Scrooge McDuck anayambira, kapena Four Color 9 ya 1942, ndikanati asalikhudze mpaka munthu wa ntchito imeneyi alione. Makope amenewo ngakhale ong'ambika ali ndi owafuna.

Gologolo:
Four Color ndiye chiyaninso? Pa makomiki ena pachikuto palembedwa Donald Duck koma nambala yake ndi ya mahandiredi.

Fulu:
Ndi msampha umene umagwira aliyense woyamba. Four Color unali mndandanda umodzi wa Dell momwe kope lililonse linali ndi mutu wakewake: lero Donald Duck, lotsatira Bugs Bunny, kenako Porky Pig kapena wokwera pa hatchi wina wa m'mafilimu. Manambala anafika 1354 mu 1962. Munthu akagwira Donald Duck No. 223 ya 1949, ija ya mazira a makona anayi a ku Andes, asaganize kuti kunali ma Donald Duck 222 m'mbuyo mwake. Mndandandawu unalinso poyesera msika. Mutu ukagulidwa bwino unkapatsidwa magazini yakeyake, n'kuwerengera makope a Four Color ngati oyamba. N'chifukwa chake palibe komiki ya Dell yolembedwa Uncle Scrooge No. 1. Yoyamba ndi Four Color 386 ya Malichi 1952, yachiwiri 456, yachitatu 495, ndipo magazini yeniyeni imayambira pa 4.

Dzina lakelo likuchokera ku inki zinayi zosindikizira: yabuluu, yofiira, yachikasu ndi yakuda. Zitatu zoyambazo zinkaikidwa pa milingo ya 25, 50 ndi 100 peresenti kapena kusaikidwa konse, ndipo kuphatikiza kwake kumapereka mitundu 64 yokha. Tengani galasi lokuzira muone malaya a munthu kapena thambo: muona timadontho tandondomeko, ndipo nthawi zambiri utoto umatuluka pang'ono kunja kwa mzere wakuda. Chimenecho si chilema, ndi mmene makinawo ankagwirira.

Birimankhwe:
Galasi lomwelo ndi limene limagwira zachinyengo. Chikuto chojambulidwa pa fotokope ya mitundu chimaonetsa timadontho tosakanikirana ngati mchenga, ndipo mizere yakuda nayonso imakhala ya madontho, pamene pa choyambirira mzere wakuda ndi inki yokhayokha yosaduka. Njira ina ndi tochi ya UV yoonera ndalama zachinyengo ija. Pepala lamakono limawala buluu chifukwa cha mankhwala oyeretsera, la m'ma 1940 siliwala. Tochi yomweyo imathandizanso kuona pamene wina anadzaza ndi cholembera pa utoto woswekera. Tsegulaninso chikuto muone kuseri kwa msana: inki ya cholembera imadutsa pepala n'kuonekera mkati ngati timadontho takuda.

Za kusindikizidwanso, funso lanu lachiwiri lija. Dell sanali amene ankajambula. Ntchito yonse, kuyambira chilolezo cha Disney, Warner, MGM ndi Walter Lantz mpaka olemba ndi ojambula, inali ya Western Publishing ya ku Racine, Wisconsin. Dell ankapereka ndalama ndi kugawa. Atasiyana mu 1962, Western anayamba dzina lawo la Gold Key, kenako Whitman, mpaka 1984. Gold Key inabwereza nkhani zakale zambirimbiri. Ndiye mukaona nkhani ya Barks ya 1950 m'komiki ya chizindikiro cha kiyi ndi mtengo wa masenti 12, 15 kapena 25, ndi yobwereza. Yanuyi ili ndi masenti 10 ndi indicia ya 1948, ndi yoyambirira.

Pa Gold Key chaka chimabisala m'kanambala ka pachikuto. Manambala atatu omaliza ndi chaka ndi mwezi: 406 ndi Juni wa chaka chothera ndi 4. Mtengo ndiwo ukuuzeni ngati ndi 1964 kapena 1974. Ya masenti 12 ndi ya m'ma 1960.

Njenjete:
A Fulu, popeza ojambula sankalembedwa maina, munthu angadziwe bwanji kuti iyi ndi ya Barks, iyi ndi ya wina?

Fulu:
Dzina lokhalo pachikuto linali la Walt Disney, ndipo owerenga ankangoti "wojambula wabwino uja" mpaka cha m'ma 1960 pamene ena anafufuza n'kumupeza. Barks anabadwa mu 1901, anapuma ntchito mu 1966, anamwalira mu 2000.

Njira yachidule ndi INDUCKS pa intaneti, kumene nkhani iliyonse ya Disney ili ndi nambala yake. Chilembo choyamba chimanena kumene inapangidwa: W ndi Western, D ndi Denmark, H ndi Holland, I ndi Italy. Za makampani ena onani Grand Comics Database.

Koma diso limaphunziranso. Mu magazini ya a Gologolo, kuyambira 1943 nkhani yoyamba ya masamba khumi nthawi zambiri ndi yake. Tsamba limakhala ndi mizere inayi ya timabokosi tiwiritiwiri, ndipo kabokosi komaliza ka tsamba kamasiya funso kapena nthabwala kuti mwana atembenuze. Abakha ake a m'ma 1940 ali ndi milomo yaitali ndi makosi aatali, pofika m'ma 1950 milomo yafupika. Nkhope sizibwerezedwa: Donald akakwiya m'timabokosi tinayi totsatizana, ndi mikwiyo inayi yosiyana, wina wodzigwira, wina wophulika. Zakumbuyo amazijambula mozama, sitima imakhala ndi zingwe zake zoona, mapiri ndi mabwinja ankatengera pa zithunzi za National Geographic. Anthu ena ambiri a m'tauni amawapatsa mphuno yakuda ya galu. Tony Strobl, amene anajambula Donald wambiri pambuyo pake, ali ndi mzere waukhondo koma abakha ake ndi odekha, amangoima n'kumayankhula. Mickey wa nkhani zopitirira kumapeto kwa magazini poyamba anali wa Floyd Gottfredson, wotengedwa m'nyuzipepala n'kudulidwa kuti akwane pa tsamba, kenako m'ma 1950 wambiri ndi wa Paul Murry.

Birimankhwe:
Tisaiwale kuti si abakha okha. Animal Comics ya Dell ndi momwe Walt Kelly anayambitsira Pogo ndi ng'ona yake Albert. DC inali ndi nkhandwe ndi khwangwala, The Fox and the Crow, kuyambira 1945 mu Real Screen Comics, ndipo nkhani yake ndi imodzi yokha yobwerezedwa mwanzeru kwa zaka zoposa 20: khwangwala akufuna kudyera nkhandwe masuku pamutu. Fawcett anali ndi Hoppy the Marvel Bunny mu 1942, Charlton anali ndi Atomic Mouse mu 1953. Ha Ha Comics ndi Giggle Comics za 1943 zinkajambulidwa ndi anthu a m'masitudiyo a makatuni ngati ganyu ya madzulo, ndipo zimaoneka: nyama zake zimathamanga ngati zili pa kanema. Amenewa ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi a Barks. Koma a Charlton samalani nawo, pepala ndi inki zawo zinali zotchipa kuyambira pa tsiku loyamba.

Ndipo musadabwe kuti pa Dell palibe kachidindo ka Comics Code, kosonyeza kuti komiki yatsatira malamulo oteteza ana amene anayamba mu 1954. Dell anakana kulowa, ankati makomiki awo ndi abwino kale, n'kumasindikiza lonjezo lawolawo kwa makolo.

Njenjete:
Amene amapezeka kwambiri m'milu ya mabuku akale kuno ndi a ku Britain, makamaka mabuku a pachaka a chikuto cholimba. The Dandy inayamba mu Disembala 1937 ndi mphaka Korky pachikuto, The Beano mu Julaye 1938 ndi nthiwatiwa Big Eggo, imene inalowedwa m'malo ndi chimbalangondo Biffo mu 1948. Onsewa ndi a D.C. Thomson a ku Dundee. Rupert anayamba mu Daily Express mu 1920, mabuku ake a pachaka mu 1936. Pa amenewa onani zinthu zitatu: kona ya mtengo ngati inadulidwa, tsamba la "buku ili ndi la" ngati linalembedwa, ndi masamba a masewera ngati anadzazidwa ndi pensulo. Buku la pachaka la Beano limatuluka chaka chisanafike, kuti ligulidwe pa Khirisimasi, ndipo akale kwambiri analibe chaka pachikuto.

Gologolo:
Chabwino. Tsopano kasungidwe, poti mvula ili pafupi.

Nadzikambe:
Pepala la makomiki ndi lofanana ndi la nyuzipepala, mtengo wopera osachotsa lignin, chinthu chachilengedwe chimene chimalimbitsa mtengo. Lignin ikakumana ndi kuwala, kutentha ndi mpweya imatulutsa asidi, pepala limachoka pa kuyera kupita ku chikasu, kenako khofi, pomaliza limathyoka ngati chipisi. Pindani pang'ono kakona ka tsamba la m'kati ndi chala, osakanikiza. Kakabwerera, pepala lili moyo. Tizidutswa tikamagwera pa tebulo mukangotsegula, lafika pothera, ndipo limenelo lijambulidwe pa foni tsamba ndi tsamba lisanathe.

Thumba likhale la polypropylene, polyethylene kapena Mylar. PVC ayi, ija yonunkha ngati mpira watsopano ya m'mafayilo ena, imatulutsa mafuta amene amamata inki. Majumbo a kumsika ayinso. Kukula kwake kukhale kwa Golden Age, saizi ya makomiki a m'ma 1940, pafupifupi masentimita 19.7 m'lifupi ndi 26.7 m'litali. Matumba a makomiki amakono ndi a masentimita 17.5, ndipo mukakakamiza yakale kulowamo mumathyola msana. Kumbuyo kuikidwe katoni yopanda asidi. Katoni ya bokosi la sopo imafiiritsa chikuto pa chaka chimodzi. Potseka thumba, pindirani chivindikiro mkati m'malo momata, chifukwa ngozi yodziwika ndi selotepi ya pa thumba kugwira chikuto potulutsa. Laminating ndiye imfa yeniyeni, sibwerera.

Chinyezi chikhale pakati pa 35 ndi 50 peresenti. Chikapitirira 65 kwa masiku angapo, nkhungu imamera. Njira yotheka ndi bokosi la pulasitiki lotseka bwino, silica gel (timibulu tomwa chinyezi) mkati, ndi kamita kakang'ono ka batire koyezera chinyezi. Osunga zakale amawerengera makilogalamu 20 pa kiyubiki mita, ndiye bokosi la malita 50 likufuna pafupifupi kilogalamu imodzi. Ikakhuta madzi, iumitseni mu uvuni pa madigiri 120 kwa maola awiri kapena atatu, izizire m'botolo lotseka. Yang'anirani mita, chifukwa silica youma kwambiri imatsitsa chinyezi pansi pa 30, pepala n'kuuma mpaka kuthyoka. Musatsekere komiki m'thumba tsiku la mvula, mutsekera chinyezi momwemo. Dikirani tsiku louma.

Bokosi lisakhale pa simenti, lisagunde khoma lakunja, lisakwere pamwamba pa kabati pansi pa malata pamene masana pamatentha ngati uvuni. Shelefu ya pakati m'chipinda cha mkati ndiye malo. Chiswe chimakwera ndi khoma n'kulowa m'katoni kuchokera pansi, moti pamwamba pamaoneka bwinobwino pamene m'kati mwasanduka dothi, choncho bokosi lizisunthidwa ndi kutsegulidwa mwezi uliwonse. Mphemvu ndi silverfish, tizilombo tasiliva tothamanga tija, zimasenga pamwamba pa chikuto n'kusiya zigamba zoyera. Musapopere mankhwala a udzudzu pa pepala, ali ndi mafuta.

Njenjete:
Za kuika mu firiji kuti tizilombo tife, zija n'zoona?

Nadzikambe:
N'zoona, koma ndi firiji youmitsa yofika madigiri 18 pansi pa ziro, osati mbali ya ndiwo. Komiki ikhale youma, itsekedwe m'matumba awiri mutatulutsa mpweya, ikhalemo sabata yathunthu kapena iwiri. Potulutsa musatsegule thumba kwa maola 24, kuti thukuta la kuzizira ligwere kunja kwa pulasitiki osati pa pepala. Vuto ndi kuthima kwa magetsi. Firiji ikamasungunuka n'kuumanso, kuzizira sikufika pa mlingo wopha mazira, ndiye muwerenge masiku kuyambira pamene magetsi akhazikika. Dziwaninso kuti kuzizira kumapha tizilombo koma nkhungu imangogona. Ya nkhungu iumitsidwe pa mthunzi podutsa mphepo, isesedwe panja ndi burashi yofewa mutavala chotseka pakamwa, ndipo isungidwe payokha.

Gologolo:
Funso lomaliza. Ana angawerenge zimenezi, kapena ndi zongosunga?

Fulu:
Kope la 1948 lopanda mawaya si la m'manja mwa mwana wa sitandade 3. Koma nkhanizo ndi zawo, ndipo zilipo m'mabuku atsopano. Fantagraphics inayamba kutulutsa nkhani zonse za abakha za Barks mu 2011, m'mabuku a chikuto cholimba. Ma Gold Key obwereza aja ndi a kampani ya Gladstone a kuyambira 1986 ndi otchipa, amenewo apatseni awerenge mpaka athe.

Koma kholo liyambe lawerenga lokha. Makomiki a nthawi imeneyo akafika ku Africa amajambula anthu akuda ndi milomo yaikulu, fupa pamphuno ndi chiyankhulo chopotoka. Barks yemwe anachita zimenezi mu Darkest Africa ya 1948 ndi Voodoo Hoodoo ya 1949, ndipo pobwereza ena anasintha nkhope ndi mawu. Mwana wa zaka 7 asakumane nazo yekha. Wamkulupo mukhoza kukhala naye pansi n'kumufunsa kuti wojambulayo anali atawaonapo anthu amene akuwajambulawo.

Birimankhwe:
Brer Rabbit wa mu Four Color 129 ya 1946 ndi nkhani ina. Ameneyo ndi Kalulu wathu yemwe, anawoloka nyanja m'nthano za akapolo, ndipo chidole cha phula chimene amakakamirapo ndi msampha womwe uja wa ulimbo wa pachitsime chimene anakana kukumba nawo. Ana amamuzindikira msanga. Chovuta ndi Chingerezi chake, cholembedwa mopotoza dala kutsanzira kayankhulidwe ka kum'mwera kwa America, moti mwana amene akuphunzira masipelo chimusokoneza. Bola kumuonetsa zithunzi n'kumusimbira m'Chichewa.

Gologolo:
Ndawerenga. Kumanzere 12, kumanja 12, fomu sinadulidwe, kakona kabwerera osathyoka. Kapulasitiki ka selotepi kachoka theka, theka linalo kakukana.

Nadzikambe:
Theka limenelo lisiyeni, lidzagwa lokha. Dulani ndi sizasi yaing'ono mbali imene yatukukayo kuti isakole pa thumba, ndipo muike kapepala kopanda asidi pakati pa chikuto ndi tsamba loyamba, chifukwa banga la guluu likadali kuyenda.